Chigongono cha Alamu Ako

Skelby,
26 Seputembala, 1886

Wokondedwa mlongo wanga Enoch,

Ndayamba ndi kukupatsa moni, iwe ndi alamu anga a Dorcas pamodzi ndi ana onse. Muli bwanji ku Ballarat kumeneko? Chifuwa chija chinkavuta wamng'onoyo chinatha? Kuno tilipo ndithu. Mwana wathu Tabitha wakula, wayamba kundithandiza kuluka masokosi, ngakhale zala zake n'zaulesi ngati za amalume ake. Bambo miyendo ikuwavutabe kukazizira, koma akuyenda.

Kalata yako inafika. Ndinaiwerenga kawiri, osati chifukwa chokoma ayi, koma chifukwa zolemba zako zikadali ngati papalasa nkhuku. Unalemba kuti wakonza kale chipinda, ndiponso kuti wauza msewu wonse kuti alamu ako akubwera ndi timu ya kiriketi yochokera kuno kudzagwetsa ndi mpira timitengo ta anthu a ku Australia.

Enoch, chipindacho ubwezeremo katundu wako. A Reuben sabwera.

Sakudwala ayi, usade nkhawa ndi zimenezo. Koma kiriketi yawo yatha, ndipo amene aithetsa ndi Bambo athu omwe. Khala pansi ndikufotokozere ndekha, chifukwa ukayamba kumvera m'nyuzipepala umva zokhotakhota.

Ukukumbukira kuseri kwa nyumba ya Bambo, pamene ankaimika ndowa yakale ija kukhoma kuti ikhale ngati timitengo? Iwe unkati ukaona mpira ukubwera n'kutsinzina, ine n'kumakuseka pawindo. A Reuben ankabwera potuluka mumgodi wa malasha, nkhope ili bii, maso okha akuyera. Bambo ankawagwira dzanja n'kumati, "Mkono uzizungulira wonse kuchokera paphewa, wowongoka ngati mpini wa fosholo. Ukangopinda chigongono, sukuponyanso mpira, ukugenda. Ndipo wogenda akagende akhwangwala kumunda wa tirigu, osati pabwalo langa."

Ndi Bambo amene anawatulutsa mumgodi muja. Anawapezera malo kutauni, oponyera mabwana mpira akafuna kuyeserera, kenaka timu ya chigawo chathu inawatenga. Iwe unanyamuka zinthu zitangoyamba kukoma. Sunaone mmene anthu ankadzazira pasiteshoni kudzawachingamira, kapena mmene wogulitsa nyama, yemwe kale sankatiyankha n'komwe moni, anayambira kunditchula kuti mayi Tansley.

Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna womuona nthawi yozizira yokha, koma sindinkadandaula. Bambo awo a Reuben tinawaika m'manda chifuwa chitadzaza fumbi la malasha, ndipo ine ndinalipo pamene ankapuma movutika paja. Choncho zoti mabwana osewera mongosangalala amatulukira pakhomo lalikulu, pamene aganyu ngati alamu ako amatulukira pakachipata ka kumbali pafupi ndi khola la kavalo, ine zinkandipsetsa mtima, koma eni ake ayi. Ankaseka n'kumati, "Keziah, kachipata kameneko n'kakakulu kuposa pakamwa pa mgodi."

Vuto linayamba chaka chatha, paphewa. Kaputeni wawo, bwana Aldersey, akangowapatsa mpira m'mawa ankaiwala kuwalanda. Ena akupuma pamthunzi, a Reuben akuthamangabe. Tsiku lopanda masewero, ndiye loponyera mabwana amimba aja mpaka atatopa ndi kumenya. Ankafika kuno Loweruka mkono uli lende, ine n'kumawasisita ndi mankhwala opaka akavalo, nyumba yonse kununkha. Lamulungu m'mawa sankatha ngakhale kupesa tsitsi lawo.

Chodabwitsa n'chakuti Lolemba lake mpira unkathamanga kuposa kale. Nditawafunsa kuti zikutheka bwanji, anangoti phewa likatopa mkono umadzipezera wokha njira. Ndinaseka nawo, osadziwa chimene ndikuseka.

Chilimwe chino anthu a kumabwalo achilendo anayamba kuwakuwiza. A Reuben ankabwera nazo kunyumba ngati nthabwala, n'kumayerekeza mawu a anthuwo patebulo: "Wogenda iwe! Amako akusaka wowaingitsira mbalame!" Tabitha ankaseka mpaka kutsamwa. Iwo ankati ndi nsanje chabe ya anthu ogonja, ndipo akanakhala kuti akugendadi, bwenzi oweruza masewero atanena kalekale.

Koma oweruzawo ukuwadziwa. Ambiri ndi aganyu okalamba, ndipo chijasi choyeracho amachivala mwa chifundo cha mabwana. Amangoyang'ana pansi kuti aone ngati phazi la woponya ladumpha mzere, za kumwamba sazifuna. Ndiye ndikupempha umvetse chinthu chimodzi, Enoch, usanaweruze aliyense. Alamu ako sankaba. Munthu pothamanga saona chigongono chake.

Ine ndiye ndinachiona. Tsiku lina ndikuyanika zovala, iwo akuyeserera kuseri kwathu kuno, ndinapezeka ndaima chakumbali kwawo. Mkono unakwera bwinobwino, kufika pamwamba unapindika, kenaka n'kuwongoka mwadzidzidzi. Ndine mwana wa Jabez Cutts, ndinakulira pawindo lija. Ndinangoti kakasi, malaya onyowa ali m'manja.

Sabata yomweyo kunabwera uthenga woti a Reuben asankhidwa kukasewera masewero aakulu a kunyanja, a Kumpoto ndi a Kumwera. Anawauzanso kuti akangochita bwino kumeneko, malo awo m'sitima ya pamadzi yobwera kwanuko ndi otsimikizika. Ndipo pa oweruza awiri amene anaikidwa, mmodzi anali Bambo.

Paja Bambo, ngakhale ndi woweruza, saikidwa pa masewero a chigawo chathu, ndiye panali patapita nthawi yaitali asanaone mkamwini wawo akuponya. Awa sanali a chigawo, choncho palibe chinaletsa. A Reuben anavina m'khitchini ndi chimwemwe. Akuti, "Tsopano mdala akaone yekha zimene anadzala."

Ndinayesa kuwauza, Mulungu ndi mboni. Ndinadikira adye kaye, kenaka ndinati chigongono chawo sichikundisangalatsa. Anandiyang'ana ngati ndawathira madzi ozizira. Akuti, "Nawenso wayamba kuweruza? Tikakugulire chijasi choyera?" Nditaumirira, anati azimayi a m'tchalitchi andidzaza mutu ndi za m'nyuzipepala, n'kutenga chipewa kutuluka.

Ndiye ndinapita kwa Bambo. Lamulo lawo lija silinasinthe. Kuyambira masewero oyamba a chaka mpaka omaliza, sadya m'nyumba ya wosewera aliyense, salankhula naye za kiriketi, ndipo akakumana ndi a Reuben panjira amangovula chipewa ngati akumana ndi abusa. Ine ndakhala ndikuwauza kuti uyu ndi mkamwini wawo, si woimbidwa mlandu. Iwo yankho lawo ndi limodzi, loti akadya buledi wa munthu lero, mawa akamuweruza ndi mimba.

Ndinawapeza akupukuta nsapato. Ndinagwada, Enoch, ine amene sindinagwadirepo munthu. Ndinati sindikupempha kuti akaname ayi, ndikungopempha abwere kwathu madzulo amodzi, aime kumbali, aone, ndipo ngati pali chonena anenere kuseri kwa nyumba. Ndisanatchule n'komwe chigongono anakweza dzanja.

"Usandiuze kanthu, Keziah. Chimene sindinachione pabwalo sindikuchidziwa."

Ndinati, "Mukakachionera pabwalo mukamupha."

Iwo anati ngati zili choncho ndiye kuti sayenera n'komwe kumva, ndipo anapitiriza kupukuta nsapato ija, yomwe inali itawala kale. Ndinabwerera kunyumba ndikulira ndi ukali. Amuna awiri amene ndimawakonda, onse ouma mutu, ndipo aliyense akudziona wolungama.

Tsiku la masewero ndinakwera sitima yotsika mtengo ija ya anthu okaona nyanja. Bwalo linali lodzaza, bandi ikuimba, madona ali ndi maambulera awo. Ndinapeza malo pabenchi ya kumbali, pafupi ndi mkulu wina wosuta kaliwo amene sindinkamudziwa.

A Kumwera ndiwo anayamba kumenya. Bwana Aldersey, amene analinso kaputeni wa a Kumpoto, anaponyera a Reuben mpira, ndipo mbali imene anawapatsa ndi imene kunaima Bambo. Ndinaona a Reuben akuvula chipewa n'kuchipereka kwa Bambo kuti awasungire, monga amachitira oponya onse. Ankamwetulira.

Mpira woyamba womenya uja sanauone n'komwe. Unadutsa pafupi ndi timitengo, anthu n'kuwomba m'manja. Ndiyeno Bambo, m'malo moima pamalo pawo pafupi ndi mzere, anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, manja ali kumsana. Mkulu wa pambali panga uja anachotsa kaliwo pakamwa n'kunena kuti, "Aa, mdala uyo sakuyang'ananso phazi."

Mpira wachiwiri usanafike n'komwe kwa womenya, ndinamva mawu aja ankatiitana tikachedwa kumtsinje. "Mpira wolakwa!"

A Reuben anayang'ana pansi, n'kuyeza pamene anaponda. Anaganiza kuti adumpha mzere. Anakayambira patali pang'ono, n'kuthamanganso, ndipo Bambo anafuulanso. Apo ndinawaona akupita kwa Bambo. Zimene analankhulana sindinazimve, anandiuza pambuyo pake. Akuti anati, "Bambo, phazitu lili m'kati mwa mzere." Bambo n'kuyankha kuti, "Si phazi, mwana wanga."

Ukudziwa kuti mpira wolakwa suwerengedwa, woponya amayenera kubwereza mpaka mipira ya gawo lake ikwane. Ndiye zinalibe pothera. Akaponya, Bambo afuula. Akaponyanso, afuulanso. Mawu a Bambo ankacheperachepera, koma sanasiye. Potsiriza a Reuben anamaliza gawo lawo pokunkhuniza mpira chapansipansi, monga amaponyera ana aang'ono, ndipo bwalo lonse linafa ndi kuseka.

Bwana Aldersey anawalanda mpira n'kuwatumiza kukaima kumalire a bwalo, maso ndi maso ndi mabenchi a anthu omwa mowa. Anaima pamenepo mpaka madzulo. Wina anawaponyera khoko la lalanje n'kukuwa kuti, "Tola ilo, m'bale, uyeserere kugenda!" Wina akuti, "Ngakhale apongozi ako akukana!" Ine ndinali pabenchi yachitatu kuchokera pamene anaima, ndikuona khosi lawo likufiira ndi dzuwa. Chipewa sanapite kukatenga, ndipo Bambo anaweruza tsiku lonse atachipanira m'khwapa.

Ndinafuna kuimirira ndiwatukwane onsewo, koma ndinangokhala pabenchipo. Sindinayambe ndadzionapo wopanda ntchito ngati tsiku limenelo.

Masewero atatha, bwana Aldersey anapita kuchipinda chovalira aganyu. Sanalowe, anaima pakhomo. Akuti anati, "Ndakhala ndikukayika kwa nthawi ndithu, Tansley." Tamva zimenezo, Enoch. Munthu ankakayika, koma chilimwe chonse ankawapatsa mpira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kumalandira yekha ulemu timu ikapambana. Ndinafunsa a Reuben kuti anamuyankha chiyani. Akuti anangoti, "Inde, bwana."

Dzina lawo analichotsa pa opita ku Australia. A komiti ya chigawo anati adzawaganiziranso chaka chamawa ngati mkono utawongoka, koma wonena kuti wawongoka akhale Cutts yemweyo, popeza tsopano dziko lonse likukhulupirira mawu ake. Ananenanso kuti Bambo ndi munthu wolungama kwambiri. Mabwana amakonda chilungamo chikagwera kunyumba ya wina.

Tinabwerera sitima imodzi, Bambo bogi ina, ife ina.

Masewero a chaka atatha, m'mawa mwake Bambo anagogoda pakhomo pathu. Anali ndi chipewa chija, atachipukuta fumbi. Ine ndinaima pakhomo osawapatsa njira, ndipo ndinati, "Mwabwera kudzadya buledi tsopano?" Enoch, ukanawaona. Kolala ya malaya yawakulira.

A Reuben anatuluka kuchipinda, kundikankhira pambali pang'ono, n'kulandira chipewacho ndi manja awiri. Ndinkayembekezera mkangano. Iwo anangofunsa kuti, "Ndowa ija ikadalipo, bambo?"

Kuyambira tsiku limenelo, madzulo alionse dzuwa lisanalowe akhala ali kuseri kwa Bambo. Ndowa kukhoma, Bambo kumbali, pamalo pomwe ndinawapempha kuti adzaime paja. Ine ndinkaima pampanda ndi zoluka zanga, ngakhale palibe chimene ndinkaluka.

A Reuben akawongola mkono, phewa limawabaya mpaka kuluma mano, ndipo mpira umayenda mwaulesi moti ngakhale iweyo ukanaumenya uli chitsinzinire. Akati aonjezere liwiro, ndowa imalira, koma Bambo amati chapansipansi, "Wagenda." Tinayesa kumangirira chidutswa cha mpini wa tsache kumkono ndi zingwe za epuloni yanga. Chinangowasiyira mikwingwirima. Tinayesa madzi otentha, tinayesa kupumitsa phewa, tinapitanso kwa dokotala wa kutauni, yemwe anangoti mnofu wa m'phewamo unatha ndipo sumeranso.

Ndinkaona amuna awiri akuvutika, wina kuponya, wina kukana, ndipo panalibe chimene ndikanachita kupatula kuwaitana kuti tiyi wazizira.

Tsopano ndikuuze za Lachinayi lapitali, zimene zandichititsa kulemba kalatayi.

A Reuben anali ataponya kwa nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Kenaka anathamanga ngati kale, n'kuponya mpira umodzi woopsa. Ndowa inadumpha, kukagwera pamaluwa. Chigongono chinapindika, ndinachiona ndi maso angawa, ndipo sichinayambe chapindikapo moonekera chotero.

Ndinadikira mawu aja. Bambo anayang'ana nsapato zawo. Kenaka anati, "Umenewo ndi wabwino."

A Reuben anaima pomwepo akupuma mwawefuwefu, n'kunena kuti sanamve bwino. Bambo anabwereza osadzutsa mutu. Anati mpirawo ndi wabwino, ndipo akawauza a komiti choncho.

Enoch, Bambo athu, amene anakutengera khutu kukabweza apulo limodzi kumunda wa eni ake, ananama ine ndikumva. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, sindikubisira. Ndinaganiza kuti tapulumuka, ndipo ndinkapemphera chamumtima kuti a Reuben angovomera.

Iwo anapita kukhoma, kutola mpira uja, n'kuupukuta pa thalauza lawo monga amachitira nthawi zonse. Kenaka anapita kwa Bambo, kuuika m'thumba la jekete la Bambowo, n'kutseka batani. Anati, "Ndaumva ndekha m'chigongono, bambo. Kunyanja kuja sindinkadziwa, koma tsopano mwandiphunzitsa kuumva. Musaipitse pakamwa panu chifukwa cha ine."

Bambo anawagwira pamkono, pachigongono pomwepo. A Reuben anawasisita paphewa ngati akutonthoza mwana, n'kundiuza kuti tizipita, kwayamba kuzizira.

M'mawa mwake anapita kwa kapitawo wa mgodi. Kapitawoyo anawalandira bwino, mpaka kuitana anzake kuti adzaone munthu wotchuka. Akuti anaseka n'kunena kuti pansi pa nthaka palibe woyang'ana chigongono cha munthu. Ayamba mawa, Lolemba.

Ndawadandaulira kuti adikire, mwina papezeka ntchito yophunzitsa ana pasukulu ina, kapena yosamalira bwalo. Koma ndani kuno angapereke ana ake kwa munthu amene dzina lake aliyense akulitchula pamodzi ndi kugenda? Analembera masukulu angapo, palibe ndi imodzi yomwe yayankha. Iwo akuti sangakhale pansi kumadya masokosi anga.

Ndiye ndabwera kwa iwe, mlongo wanga. Ndilibenso kwina kolowera. Unalemba kuti kumeneko tauni iliyonse ili ndi bwalo lake, ndiponso kuti anthu sasamala kwambiri kuti munthu watulukira chipata chiti. Tafunsa. Ngati pali bwalo lofuna wotchetcha udzu ndi kusalaza nthaka, kapena sukulu yofuna wophunzitsa ana kugwira thabwa lomenyera mpira, a Reuben angathe zonsezo. Kuponya sadzaponyanso. Usawanamize anthuwo, uwauze zonse monga ndakuuziramu, chifukwa eni akewa sangalole kupita ndi bodza. Ine ndikufuna ntchito iliyonse ya kunja, yoti azipuma mpweya wabwino.

Ndikudziwa kuti pamene kalatayi izikufika, masamba adzakhala atayoyoka kuno, ndipo yankho lako lingadzatipeze Khirisimasi itapita. Nthawi yonseyo adzakhala akutsika mumgodi m'mawa uliwonse, ndi phewa lomwelo, kukakumba malasha atagona chammbali. Ndimaganiza za chifuwa cha bambo awo, ndipo nzeru zimandithera. Sanandiuze kuti ndikulembere, ndipo akadziwa akwiya. Akwiye.

Ulemberenso Bambo. Usawadzudzule, ine ndinawadzudzula kale mokwanira tonse awiri, ndipo sizinandipindulire kanthu. Chijasi choyera chija anakachibweza dzulo. Nditawafunsa chifukwa chake, anati woweruza amene wanenapo kamodzi kuti wabwino pamene si wabwino, ntchito yake yatha. Ndinati palibe anamva kupatula ife. Iwo anati anamva okha.

Masokosi amene ndinalukira ana ako ndapatsira mmodzi wa anyamata a timu amene akwere sitima ya pamadzi ija, adzakusiyira akadzafika chakwanuko. Aatali aja ndi a Dorcas. Timu ikadzabwera kudzasewera, upite ukaonere ndithu, usadzimane chifukwa cha ife. Aneba ako ukawauze zimene ukufuna, koma usalole wina anene pamaso pako kuti alamu ako anali wakuba.

Undiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa ana mmodzimmodzi, uwauze kuti azakhali awo amawatchula m'pemphero tsiku lililonse. Tabitha akuti moni, ndipo akufunsa ngati zili zoona kuti kwanuko Khirisimasi imagwa nthawi yotentha. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu, ndipo akufulumizitse dzanja lako laulesilo.

Bambo nawonso akuti ndikupatse moni. Ndawasiya posachedwapa atakhala kuseri pampando wawo, dzanja lili pathumba la jekete muli mpira muja. Ndowa ija anaidzutsa n'kuiimikanso kukhoma, ndipo mvula ikuyamba, koma akana kuti ndiilowetse m'nyumba.

Ndine mlongo wako wokukumbukira nthawi zonse,
Keziah Tansley